Ndaziona Anabereka Mchenga

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, kungoti kutopa. Ndine Edina, mwana wanu woyamba, uja munkati ndimayenda ngati waganyu amene walipidwa kale. Nyengo ya mvula yadutsa katatu chichokereni inu, ndipo lero ndi pamene ndakhala pansi kuti ndikuuzeni za pakhomo. Sikuti ndinakuiwalani ayi. Ndinkadikira kuti nkhani ya Ndaziona, mng'ono wanga, ifike penapake, chifukwa inu munkadana ndi munthu wobwera ndi nkhani yopanda mathero.

Ndiyambe ndi kumunda, poti ndikudziwa kuti mukanafunsa zimenezo musanafunse za moyo wanga. Chimanga chaka chino sitinapate kwenikweni. Mvula inadula chimanga chikumasula, mbozi nazo zinalowa m'mitima, moti nkhokwe yanu ija tangoiika matumba ochepa ndipo ikuchita kulira mphepo. Nandolo ndiye watipulumutsa, ndi mbatata ya kudimba. Mango aja a kuseri kwa khola anagwa ndi mphepo ya chaka chatha, anaphwanyanso ngodya ya khitchini. Amuna anga, bambo a Yamikani, ankati akonza akapeza mpata, ndipo mukuwadziwa apongozi anu ndi mpata wawo. Abiti Juma, mnzanu wa pamsika wa Lirangwe, akadali kugulitsa tomato pamalo pomwe paja, ngakhale maso ayamba kuwavuta. Mwana wawo wamkazi wa ku Mdeka wabereka mapasa. Pa Idi anatitumizira mpunga monga ankachitira muli moyo, ndipo mbale sanaichepetse.

Mdzukulu amene munamusiya m'mimba mwa Ndaziona anabadwa patangopita mwezi titakuikani m'manda. Ndi mtsikana, dzina lake Mwandida. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ngakhale kukwinya kwake. Bambo ake anapita ku Joni mwana asanayambe kukwawa. Poyamba ankaimba foni, kenaka nambala inasiya kugwira, ndipo ife tinasiya kufunsa. Ndaziona anatsala ndi mwana, munda wosabereka, ndi manja awiri.

Tsiku lina anamva pa wailesi kuti akufuna achinyamata, amuna ndi akazi omwe, oti akaphunzitsidwe ntchito yoteteza nyama ndi mitengo m'nkhalango zotetezedwa. Agemu, amayi. Ndalemba dzinalo ndipo ndaona kale nkhope yanu. Ndikukumbukira bwino masiku amene tinkakhala ku Chileka, abambo akadali ndi moyo, inu mukukwera phiri la Michiru m'mamawa kukatola nkhuni zogulitsa. Ndikukumbukira tsiku limene munabwera opanda nkhuni, opanda chikwanje, miyendo ili zilonda zokhazokha. Agemu anakugwirani, anakusenzetsani mtolo wanu womwe mpaka ku ofesi kwawo, n'kukulandani chikwanje. Kuyambira pamenepo galu aliyense wakuba pakhomo munkamutcha gemu. Ndiye mwana wanu wotsiriza anadzaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Achemwali, ine ndikufuna ntchito imeneyi." Ndinaseka, koma iye sanaseke.

Ine ndinkaganiza kuti ugemu ndi wa aliyense wa miyendo itali ndi mtima wouma. Si choncho. Amafuna satifiketi ya Fomu 4, ndipo Chingerezi chikhale chokhoza bwino, chifukwa ukagwira munthu uyenera kulemba zimene zachitika ndi kukaima m'khoti kupereka umboni. Mukukumbukira kuti Chingerezi ndi chimene chinamugwetsa Ndaziona mayeso. Anabwerera kusukulu ya masana pa Lirangwe, mwana ali kumbuyo, kukakhala pa desiki limodzi ndi ana amene anawaona akubadwa. Analembanso, anakhoza. Kenaka kunali kukadinda zala ku polisi kuti aone ngati sanapalamulepo mlandu. Kenaka kuchipatala, kukayezetsa maso, chifuwa, mtima, ndiponso ngati ali woyembekezera. Ulendo uliwonse wa ku Blantyre unkadya nkhuku imodzi ya m'khola mwanu, mpaka tambala anatsala yekha. Zaka nazo zili ndi malire, ukapitirira sakulandira. Ndaziona anali atatsala pang'ono kufika pamalirepo, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwayi wake ndi kawiri kokha.

Atamuitana koyamba kokasankha anthu, kuchigwa kotentha kuja kumusi kwa Shire, anandisiyira Mwandida akuyamwa. Ndinamudyetsa phala lamadzi, analira mpaka mawu anasasa. Mayi wake uko mabere atadzaza, akuthamanga ndi anyamata. Pothamanga anachita bwino, akuti anasiya amuna ambiri m'mbuyo. Zokwera ndi zodumpha anachitanso bwino. Chimene chinamugwetsa, amayi, ndi inu ndi ine, ndi akazi onse a kwathu kuno.

Anawapatsa aliyense chikwama cha zingwe ziwiri chodzaza mchenga, kuti athamange nacho kukwera chitunda. Ndaziona anachinyamula, anamva kulemera kwake, ndipo anachita zimene munatiphunzitsa. Anavula kansalu kumutu, anapinda nkhata, anadzitwika. Akuti anayamba kuyenda bwinobwino, khosi lili chilili, akuona anzake akupepesuka. Inu munkati mphamvu ya mkazi ili pakhosi, ndipo pakhosi mwana wanu sanagonje ndi munthu. Mphunzitsi wawo anamuthamangira.

Pofotokoza kuno anachita kutsanzira mawu ake. "Iwe, ukupita ku chigayo? Mutu ndi woyang'anira uku ndi uku, manja ndi a mfuti, katundu kumbuyo. M'tchire muli nthambi, udzasiya chikwama chako m'mwamba njati ikukuthamangitsa."

Anzake anaseka. Anatsitsa, analowetsa manja m'zingwe, ndipo pamenepo ndi pamene anadziwa kuti mapewa ake sanagwirepo ntchito imeneyo. Ndinamufunsa kuti, "Nanga si umabereka mwana tsiku ndi tsiku iwe?" Anandiyankha kuti, "Achemwali, mwana amakugwira, amakuthandiza. Mchenga sugwira munthu, umangokukokera pansi." Zingwe zinamudula mapewa, mwendo unafooka, anafika pamwamba ali m'gulu la otsiriza. Madzulo ake anamuitana dzina pamodzi ndi obwerera kwawo. Anafika kuno malaya atanyowa ndi mkaka, anangotenga mwana wake n'kuyamba kuyamwitsa.

Ine kunena zoona mtima unakhala pansi. Ndinati basi, zatha, apeza china. Koma mukumudziwa mwana wanu, ndi uja anakana kutsika mu mtengo wa bwemba mpaka munachita kumutumizira chakudya komweko. Patangopita sabata anapita kumtsinje wa Lirangwe, anadzaza mchenga m'thumba la feteleza, anasokerera zingwe za mphira wa njinga. Thumbalo linkagwedera pothamanga, ndiye anatsegula sutikesi yanu n'kutenga chitenje chanu chobiriwira chija, cha mbalame, chimene munatiberekera tonse. Anamanga nacho thumba kumbuyo monga amamangira mwana. M'mawa uliwonse kusanatenthe ankatsitsa Mwandida, kundipatsa ine, iye n'kubereka mchenga, ulendo wothamanga mumsewu wa ku Mdeka.

Anthu analankhula, amayi. Anyamata a njinga za makala, opita ku Blantyre, ankamukuwiza kuti, "Mayi, mwanayo sakulira?" Pachitsime amayi ankanong'onezana kuti maliro anu anamusokoneza mutu. Ena ankati watsitsa mwana wamoyo n'kubereka mchenga, ndipo mawu amenewo ndi amene anandipweteka, chifukwa anali oona. Mwandida ankaona chitenje chikumangidwa n'kutambasula manja, kuyesa ndi iye. Kenaka ankaona msana wa mayi wake ukutuluka pakhomo uli ndi wina. Kulira kwake ndinkakumva m'mano.

Amalume a Dinesi, achimwene anu, anachita kukwera njinga kuchokera ku Chigaru. Anakhala pakhonde, anakana madzi. Anati, "Ndaziona, ukufuna kulowa gulu la anthu amene analanda chikwanje cha mayi ako? Theka la mudzi uno limadya makala. Mawa udzamanga ana a ine?" Ndaziona anagwada patali monga mwa ulemu, koma mawu ake sanagwade. Anati, "Amalume, amayi anakwera phiri lija chifukwa panalibe china. Ine ndikapanda kupita, Mwandida adzakweranso phiri, ndipo adzapeza mitengo itatha. Ndikufuna adye za pamwezi." Amalume anatembenukira kwa ine kuti ndiweruze, poti ndine wamkulu. Sindinadziwe kuti inu mukanaima mbali iti, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Ndinangoti, "Mwanayu ndimusunga ine." Amalume ananyamuka osatsanzika bwino, ndipo sanabwerenso mpaka nthawi yokolola.

Chovuta chinali kumuletsa Mwandida kuyamwa. Kumaphunziro salandira mayi ndi khanda, ndiye zinayenera kutheka kusankha kwachiwiri kusanafike. Abiti Juma anabwera kudzatithandiza, anapaka madzi owawa a masamba pabere. Mwandida analawa, anayang'ana mayi wake m'maso, ndipo anatembenuka n'kubwera kwa ine. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kugona kwanga. Ndaziona ankadya pang'ono, ankathamanga kwambiri, mapewa anatuluka zilonda, zinapola, zinatulukanso, mpaka panachita zikang'a. Ndinkamuthira madzi amchere akuluma mlomo. Ndinamuuza kuti, "Iwe Nda, walira mvula walira matope." Anati, "Ndikudziwa, achemwali, thirani."

Kachiwiri anapita, ndipo sanabwerere. Anangoimba foni kuti, "Achemwali, andisankha. Chikwama chija ndinafika nacho pamwamba ndikuimba nyimbo." Ndinakhala pansi pa mtondo, ndinalira, sindikudziwa ngati chinali chimwemwe. Maphunziro anayamba pomwepo, miyezi ingapo osabwera kunyumba. Mafoni anawalanda, ankawabwezera mwa apo ndi apo Lamulungu, ndipo netiweki ya kuno mukuidziwa, mpaka ukwere pachulu.

Mukadamva zimene amaphunzira, amayi, mwina mukadaseka. Anawameta mpala onse, akazi omwe. Kudzuka kusanache, kuguba padzuwa mpaka ena kukomoka. Kumasula mfuti ndi kuimanganso, kuipukuta kuposa mmene ine ndimatsukira mwana. Kuwerenga mapazi pansi, kudziwa kuti apa padutsa munthu kapena nyama, dzulo kapena lero, wonyamula katundu kapena wopanda kanthu. Kufunafuna misampha ya waya m'tinjira ta nyama. Kumanga bala la mnzako, kumunyamula ngati wavulala. Kuyenda masiku m'tchire ndi madzi ochepa, osasuta, osalankhula mokweza, osadzola mafuta onunkhira. Ndiye malamulo, mabuku enieni, mayeso enieni. Akuti anawaphunzitsa kuti munthu ukamugwira umuuze chifukwa chake, usamumenye, usamulande kanthu kosalemba, umupereke ku polisi ali bwinobwino. Pamenepo Ndaziona anati, "Achemwali, zimene anawachita amayi zija sizinali m'malamulo." Ndinati ndidzakuuzani, ndiye ndakuuzani.

Ena ankathawa, ena ankabwezedwa maphunziro ali pakati. Lamulungu lililonse foni ikapanda kulira ndinkayang'ana kumsewu, kuopa kuona munthu wa mpala akubwera ndi chikwama. Uku Mwandida anadwala malungo, ndinagona naye kuchipatala, sindinamuuze mayi wake. Anamera mano otsala, anayamba kulankhula. Ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene yandikhazika pansi lero. Anayamba kunditchula amayi. Ndikudziwa kuti ndine mayi wake wamkulu, ndipo kwathu kuno palibe cholakwika pamenepo. Inu nomwe munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mng'ono wako. Koma iye ankanditchula ngati kuti palibenso wina. Ndikamuikira foni kukhutu kuti alankhule ndi mayi wake, ankaikankha n'kupita kukasewera.

Ndaziona anatsiriza. Kumwambo wake sitinapite, ulendo unali wautali ndipo thumba linali lopepuka. Anawapatsa masiku ochepa oti akaone kwawo asanapite kumene awatumiza. Ndinamudikira pa siteji ya Lirangwe, Mwandida atavala diresi yatsopano. Mu minibasi munatsika munthu wakuda bii, wowonda, wa mpala, wa nsapato zazikulu, woyenda mowongoka ngati abambo ali mnyamata. Ine ndemwe ndinamuzindikira ndi mano. Anagwada pafumbi, anatambasula manja, anati, "Mwandi, bwera kwa amayi." Mwana anamuyang'ana, anazungulira kumbuyo kwanga, anagwira chitenje changa n'kubisa nkhope. Abiti Juma, amene anasiya tomato wawo kudzalonjera, anati, "Musamukakamize, azolowera." Ndaziona anaseka, anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo. Kuseka kumeneko sindikufuna kudzakuonanso.

Masiku onse amene anakhala, mwana sanalole. Amupatse bisiketi, ankalandira kudzera m'manja mwanga. Amuyandikire posamba, kulira. Amalume anabwera, anaona nsapato zija pakhomo, anangoti, "Wabwera bwana," koma nkhuku imene anabweretsa inali yonenepa. Ndaziona anakonza ngodya ya khitchini ija yekha, anatema nkhuni za mango ogwa aja, anasenza madzi pamutu kuti aone ngati khosi likadalipo. Koma maso ake anali pa mwana nthawi zonse. Anandiuza kuti amutumiza ku kampu ya m'kati mwa nkhalango, kumene amachoka masiku angapo ali m'tchire, ndipo alibe womusiyira mwana. Anati, "Achemwali, mundisungirebe. Ndikakhazikika ndidzaona." Ndinavomera. Msana wanga ndi wotopa, amayi, ana anga ndinawatsitsa kalekale, koma ndikanayankha chiyani?

M'mawa wa tsiku lonyamuka tinamuperekeza ku siteji. Ine ndinabereka Mwandida ndi chitenje chanu chobiriwira chija, chimene tsopano chatuwa ndipo chili ndi zigamba pamene mchenga unadya. Ndaziona anali patsogolo ndi chikwama chake. Titafika pa mlambe uja wa panjira, mwana atayamba kusinza ndi kutentha, ndinaganiza zinazake. Ndinati, "Nda, tula chikwamacho, werama, usatembenuke." Anandiyang'ana, kenaka anamvetsa. Ndinamasula chitenje, ndinasamutsa mwana mwakachetechete kuchoka pamsana panga kupita pa wake, monga munkatichitira ndi Abiti Juma pamsika. Nkhope anaikana, mpala anaukana, mawu anawakana. Koma msana sanaukane. Anagwedeza mutu pang'ono, ananunkhiza, kadzanja kake kanakwera mpaka paphewa pamene pali zikang'a, kanagwira pomwepo. Anatsamira tsaya, anagona tulo.

Ine ndinasenza chikwama cha gemu pamutu, ndi nkhata, ndipo panalibe wondikalipira. Ndaziona ankaponda pang'onopang'ono, munthu amene anaphunzira kuthamanga ndi katundu. Pa siteji minibasi inabwera, kondakitala anaitana, Ndaziona anapukusa mutu. Ina inabwera, anaisiyanso. Anangoima pamthunzi akudzigwedeza, dzanja limodzi lili kumbuyo pansi pa mwana. Dzuwa litakwera ndinati, "Nda, ukachedwa tsiku loyamba adzakubweza, ndipo mchenga wonse uja udzapita pachabe." Anati, "Ndamva, achemwali." Anawerama. Ndinamasula mfundo ndi manja anga, ndinamuchotsa mwana ali m'tulo, ndinamubwezera pamsana panga. Sanadzuke.

Pokwera minibasi ndinaona kumbuyo kwa malaya ake, pakati pa mapewa, pali ponyowa ndi dovu la mwana. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamuuza kuti, "Asisi, mwadetsedwa kumbuyoku," n'kutulutsa kansalu kuti amupukute. Ndaziona anamugwira dzanja. Anati, "Zisiyeni."

Ndiye ndi zimenezo, amayi. Mwana wanu ndi gemu. Mwezi watha anatumiza ya feteleza ndi ya nsapato za Mwandida, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni inu ndalima osawerengera ganyu. Kaya mwakwiya, kaya mwanyada, mudzandiuza tikadzaonana. Ine ndatopa, ndipo ndakusowani kwambiri, makamaka m'mawa pomanga chitenje, chifukwa mfundo yanga simagwira ngati yanu. Mwandida akunditchulabe amayi, ndipo ndimavomera, poti mwana sungamusiye akuitana. Koma ndikulonjezani chinthu chimodzi. Tsiku lililonse ndikamubereka ndizimuuza kuti chitenjechi ndi cha agogo ake, msanawu ndi wobwereka, ndipo mwini wake wa malowa ali kunkhalango, adzabwera. Ndizimuuza mpaka tsiku limene adzathamangire yekha munthu wa mpala uja pa siteji.

Mupereke moni kwa abambo. Muwauze kuti khitchini yakonzedwa, koma osati ndi mkamwini wawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edina